Mizere ya Laimu pa Lizulu

Ndinali kondakitala.
Ndiyambire pomwepo, poti ndi pamene lilime limalemera.
Ndinkamenya denga la minibasi ndi chikhatho
n'kumakuwa kuti malo alipo, malo alipo,
anthu atathinana kale ngati kachewere m'thumba.
Tsiku limenelo ndinakweza Dolika pa Mlangeni,
kamtsikana ka sekondale, kali ndi beseni la matimati.
Ndinati khala apa pachitseko, pa Lizulu si patali.
Sipanalidi patali.
Tayala linaphulika tikuona kale madenga a msika.

Ndinatsitsimukira m'chipatala cha Ntcheu
mwendo wamanzere utathera m'bondo.
Dolika anali atamuika dzana lake.

Miyezi isanu ndi itatu ndinkaopa phula.
Lole ikaliza hutala kumsewu
ndinkagwira mzati wa khonde mpaka zala kuchita dzanzi.
Anzanga a pasiteji anabwera kawiri,
kenaka anatanganidwa.

Amene anaodira pakhomo panga Lachinayi lina
anali mayi ake, a Nangozo.
Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.
Iwo anatula ndowa ya laimu, naika burashi pamwamba,
nati: Lufeyo, manja uli nawo onse awiri.
Mawa tambala woyamba, usachedwe.

Tilipo khumi ndi anayi tsopano.
Pali a Kamtambe, a chitsulo m'chiuno,
amene amadziwa za mvula mitambo isanabwere.
Pali Esinati, amene mwamuna wake wa kabaza
anasiya nsapato imodzi pamphambano ya ku Tsangano.
Pali Zakeyu, amene samva khutu limodzi
koma amaseka kuposa tonse.
Timakumana kuseri kwa sitolo ya feteleza,
aliyense n'kuponya kangachepe m'chitini cha mkaka.
Mwezi uno kagula mankhwala a ululu,
mwezi wamawa kalipira fizi ya mwana wa Esinati.
Masiku ena palibe woyankhula.
Timangoswa mtedza, makoko n'kumaunjikana,
ndipo wina akayamba kulira sitimuuza kuti limba mtima.
Timangomusendezera mpando pafupi.

Kalata yopempha mahampu talemba katatu.
Yankho likuti nkhani ili m'manja mwa akuluakulu.
Manjawo ndi aakuludi, nkhani imasoweramo.
Ndiye timadzuka chisanu chikadali pa kabichi,
a Nangozo agwira chingwe kutsidya la Mozambiki,
Zakeyu agwira kuno,
ine ndikhala pansi pakati pa msewu
kukwawa ndi matako, kupaka mzere, kudumpha, kupaka wina.
Esinati amaima patali ndi chitenje chofiira pa nsungwi
kuimitsa mathiraki a ku Mwanza.
Mvula ikagwa laimu amatsukika.
Timabwereranso.

Masana ndimaima pasiteji ndi ndodo zanga
kuwerenga mitu ya anthu m'minibasi iliyonse.
Madalaivala ena amatsitsa galasi:
taonani, mwendo umodzi wasanduka wapolisi!
Ndimawayankha kuti mwendo winawo
ndinaugulitsa pamtengo wa mpando umodzi,
ndani akufuna kugula?
Amaseka, amanyamuka.
Koma dzulo mnyamata wina wa chipewa chobiriwira
anandiyang'ana nthawi yaitali,
natsitsa anthu awiri, nawabwezera ndalama zawo.
Sananene kanthu. Inenso ayi.

A Nangozo sanandiuzepo kuti anandikhululukira
ndipo ine sindinafunsepo.
Mawu amenewo sindidziwa kuti ndingawanyamule bwanji
ndi ndodo m'manja monsemu.
Chimene ndikudziwa n'chakuti lero m'mawa
ana a pulayimale anaoloka pamizere yathu
akuponda poyera pokhapokha ngati masewera a phada,
lole ya simenti itaima phee, kudikira.
Mmodzi anali ndi beseni pamutu.
Ndinaona a Nangozo akumutsatira ndi maso
mpaka anafika kutsidya.
Kenaka anandicheukira, nati:
mzere wachitatu wapindika, Lufeyo.
Loweruka udzauongole.